Mboni ya Miyendo Inayi

Mwendo wanga wamanja ndiwo munda wanga.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndapalasa kabaza pa Luchenza,
kunyamula anamwino, matumba a nandolo,
tsiku lina bokosi la maliro a khanda,
ndipo mwendowu sunadandaulepo.

Lachiwiri lija chiperoni chinali chitakuta tiyi yense.
Ndinatsitsa munthu pageti la a Namakhwa,
iye akufufuzabe chenji m'thumba,
ine ndangoponda pansi.
Kuuwa sindinakumve.
Ndinangomva katumba kutentha
ngati wina wandikhuthulira phala lapamoto,
kenaka magazi kudzaza nsapato ya pulasitiki.

Kuchipatala anatsuka balalo ndi sopo nthawi yaitali
nati, jakisoni wa chiwewe watha, mukagule.
Inapita wailesi.
Inapita mbuzi ya Esinati, ili ndi bere.
Njinga inatsamira khoma masabata asanu ndi awiri
mpaka kangaude anamanga nyumba m'masipoko,
osalipira lendi.

Ndinapita kwa eni ake, chipewa m'manja,
ndinakhala pansi pakhonde monga tinaleredwera.
Iwo akusenda peyala, osandiyang'ana:
Galu uti? Ine ndilibe galu.
Agalu a kuno ndi oyendayenda, achimwene,
kadandauleni kwa amene anawalenga.

Ndiye kunayamba kuyenda kwa wopunduka.
Kalata ya kupolisi ifuna ya kuchipatala,
ya kuchipatala ifuna chidindo,
wa chidindo wapita kumaliro.
Bwerani Lolemba.
Bwerani mwezi ukatha.
Ine wonyamula anthu, kunyamulidwa ndi anzanga pangongole,
nditakumbatira envulopu ngati mwana wodwala.

Tsiku la mlandu a Namakhwa anavala jekete,
nagwira Baibulo ndi dzanja losanjenjemera.
Chibadwire sindinawetepo galu, anatero.
Mboni yanga, uja wa chenji, anali atasamukira ku Limbe.
Ndinayang'ana chipsera changa. Chipsera sichiyankhula.

Pamenepo pakhomo panadutsa mthunzi.
Wofiirira, khutu limodzi lodulidwa, nthiti zowerengeka,
anali atawalondola njira yonse.
Anadutsa mabenchi osanunkhiza munthu,
nakagona pansapato za jekete uja,
mchira ukusesa simenti.

Amayi oweruza anavula magalasi:
Mboni iyi waiitana ndani?
Khothi lonse linaphulika.
Mesenjala anabwera ndi tsache, galu osasuntha.
Ndipo a Namakhwa, thukuta lili kamukamu, anadziiwala:
Tionana, choka!
Galu anadzuka, natuluka mwaulemu.

Chipukuta misozi anagamula zikwi zana ndi makumi asanu ndi atatu,
kulipira katatu.
Usiku ndinawerengera pa chikopa changa:
mano anayi analowa,
ndiye kuti dzino lililonse zikwi makumi anayi ndi zisanu.
Masabata aja sanawerengedwe bwino.
Mwana wa mbuzi amene sanabadwire kwathu
palibe anamutchula.

Ziwiri ndinalandira, zokulungidwa m'pepala la shuga,
zoperekedwa ndi dzanja lamanzere.
Gawo lachitatu akuti lidikire nthochi zipse,
ndipo nthochi zapsa kawiri.

Ndabwerera pamsewu.
Pa chitunda cha ku Thuchila mwendo umakumbuka,
ndimatsika, ndimakankha, wokwera amang'ung'udza.
Kukazizira chipsera chimayabwa ngati chikufuna kunena kanthu.

Esinati amati ndikagule tameki.
Ine ayi.
Pa nyumba yonse ija, ya malata ofiira ndi geti lachitsulo,
amene ananena zoona ndi mmodzi yekha,
ndipo pano amumangirira ku mtengo wa peyala
ndi waya wa njinga, chifukwa cha umboni wake.

Ndikamadutsa ndimakwezabe mwendo pa felemu,
mtima uli phaphapha.
Iye amadzutsa mutu, khutu limodzi lija.
Dzulo ndinamuponyera theka la chitumbuwa.
Silinafike.
Waya ndi waufupi.