Dinani Ziro

Zaka khumi ndi zinayi ndinakhala pa desiki ya pakhomo
pa kampani ya khofi ku Luwinga,
foni yotuwa kumanzere, buku la mauthenga kumanja.
Anthu ndinkawadziwa asanatchule dzina.
A Mwenifumbo a ku Misuku ankayamba akhosomola kawiri.
Mayi wina wa ku Phoka sankanena za matumba ake
asanafunse ngati mwana wanga wachira.
Wokwiya ndinkamusunga pang'ono pa waya,
ndikumufunsa za mvula ya kwawo,
mtima ukagwa m'pamene ndinkamupatsa abwana.

Kenaka kunabwera Fwasani, mnyamata wa jekete yofiira,
laputopu kukhwapa,
nsapato zopanda matope ngakhale mu Epulo.
Anati mafoni onse akusamukira mumtambo.
Tinaseka. Ku Mzuzu kuno?
Mitambo tili nayo yosowa poika,
imagona padenga la depoti, imatsikira ku Chibavi,
zovala pachingwe masiku atatu osauma.
A Chavula, alonda athu, anatuluka panja
n'kukweza chipewa:
uti makamaka?

Mawaya anazula Loweruka limodzi.
Pakhoma panatsala timabowo
ndi mzere woyera pomwe fumbi silinkafika.

Misonkhano inalowa m'galasi.
Wogula wa kunja m'kabokosi kake,
owerengera ndalama a ku Lilongwe m'kabokosi kawo,
wa ku Chitipa nkhope itauma pakati pa chiganizo,
kukamwa yasa,
mtengo wa kilogalamu utamutsakamira pakhosi.
Mukundimva? Nanga pano?
Abwana, mwadzitseka pakamwa.
Ine ndinkalowa ndi makapu awiri a tiyi
m'chipinda cha mipando makumi awiri.
Sindinganame, ya mafuta inapulumuka,
ndipo panalibenso wogona pa Chiweta
chifukwa cha msonkhano wa ola limodzi.

Tsiku lina Fwasani ananditengera kosungira matumba,
kumene phokoso la makina silifika.
Anati mawu anga ngokoma, ndiwerenge papepala.
Takulandirani.
Za malonda, dinani wani.
Za malipiro a alimi, dinani thuu.
Ndinabwereza kasanu,
m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chingerezi,
fungo la khofi wosakazinga likundikanda m'mphuno.
Anandigulira chakumwa chozizira, ine n'kuthokoza.
Kalata inabwera kumapeto kwa Juni.

Pano ndili pansi pa ambulera ku Katoto,
mayunitsi patebulo, nthochi m'beseni.
Lachiwiri lapitali mvula ikuwaza, msewu uli zii,
ndinayimba nambala ija.
Zala sizinaiwale.
Anayankha mayi wina wosatopa,
wosagwidwa chimfine ngakhale mu Julaye,
amene sanapemphepo tchuthi cha maliro,
amene eni nyumba sanamugogoderepo pa wani.
Takulandirani, anatero.
Ndinati, monire amama.
Sanandizindikire.
Ngati mukufuna kulankhula ndi munthu, dinani ziro.
Ndinadina.
Kanyimbo kanalira, kanalira,
ine ndikudya katundu wanga yemwe,
mpaka foni inati ndalama zanu zatha.

Dzulo a Mwenifumbo anatsika basi apa,
chikwama cha mapepala pachifuwa.
Anakhosomola kawiri, ndinatembenuka ndisanawaone.
Anandiyang'ana, anayang'ana ambulera,
anayang'ana nthochi.
Koma Nyamsiska, anatero, si dzana lomweli ndayankhula nanu?
Mwasintha, mwana wanga.
Masiku ano simulola munthu amalize moni.

Ndinawasankhira phava lakupsa bwino.
Anafuna kulipira, ndinakana,
anaumirira, ndinalandira theka.
Tinakamba za mvula ya ku Misuku,
za matumba awo asanu ndi awiri
amene adinira thuu milungu itatu.
Nkhungu inali itatsika kale ku Kaning'ina,
ikubwera chakuno, nyumba ndi nyumba.
Ndinafunditsa mayunitsi pulasitiki.
Iwo anaimika kolala ya jekete
n'kufunsa ngati mwana uja anachira.