Dazi la Kadontho

Ine ndimameta anthu pa Chinkhoma,
kuseri kwa okushoni, kumene fungo la fodya
limalowa ndi mu tiyi momwe.
Dazi ndimalidziwa:
lakumtundu, langongole, lachipewa cha ulonda.
Koma la mbalame ndinali ndisanalionepo.

Zinziri zisanu ndi ziwiri, za mwana wanga Sungeni.
Anandisiyira popita kusukulu yogonera konko,
chikwama kumutu, chala m'mwamba:
"Musadyepo ndi imodzi yomwe, ababa. Ndaziwerenga."

Sabata yachitatu, Kadontho msana uli pamtunda,
khungu lofiira ngati chala chopsa ndi phala.
Nthenga mbwee pansi pa khola
monga tsitsi la Loweruka m'shopu mwanga,
kungoti apa panalibe wolipira.

Ndinati ndi utitiri.
Ndinasefa phulusa la zitsononkho,
kusakaniza ndi mchenga wa kudambo m'beseni lobooka.
Zinasamba, fumbi koboo, mpaka ndinatsokomola.
Dazi linakwera kufika m'khosi.
Ndinati ndi khoswe.
Msampha unagwira chala changa chomwe.
Mayi Nangondo, eni nyumba, anasuzumira nati,
"Apa pali dzanja la munthu."
Ndinaseka, koma tulo sindinatione.

Anandithandiza ndi magetsi, tsiku lomwe anathima.
Makina ali zii, benchi ili mbee,
ndinakokera mpando wa makasitomala pafupi ndi waya
n'kukhala.
Wometa mnzanga ndinamuona ndi maso awa:
Bwanankubwa, wa jekete losaperewera ulusi,
yemwe ndinkamudyetsa ngumbi pachikhatho.
Jompho! Kuzula.
Kuiyang'ana nthengayo kamphindi, kenako kumeza.
Kadontho anathawira pakona,
koma khola la msinkhu wa katoni ya sopo
lili ndi kona yanji?

A Nkhambule a zaziweto anabwera kudzachepetsa ndevu.
Thovu lili kukamwa anandiwerengera milandu:
amuna atatu pa akazi anayi,
babu loyaka usiku wonse poopa akuba,
madeya m'mawa, madeya madzulo.
"Nthenga ndi ndiwo, ameti.
Ikasowa m'mbale, mbalame imakaifuna
pamsana pa mnzake."

Lumo linaima m'dzanja langa.
Ndinakumbuka ku esiteti, tili ana asanu ndi anayi
m'zipinda ziwiri za mwini munda,
mmene tinkatsinirana m'bulangete limodzi,
mmene Tsilizani, wamng'ono kwa tonse,
anaphunzirira kudya atayang'ana kukhoma.
Palibe anatitcha oipa.
Palibenso anatikuzira nyumba.

Ndinakazinga soya, kusinja bonya ndi makoko a mazira.
Ndinagula waya wa ndalama za mitu khumi ndi iwiri.
Ndinaika mitolo ya udzu yobisalamo,
kupachika chisoso pachingwe kuti milomo ipeze ntchito,
babu n'kulichotsa.
Pabala ndinatsuka ndi madzi amchere, ofunda,
Kadontho akunjenjemera m'manja ngati foni.
Amuna awiri ndinawapatula.
Bwanankubwa m'dengu lake analira mpaka mbandakucha,
ndipo ine, woweruza,
ndinadzuka kawiri kukamuona.

Lero ndi tsiku la makumi awiri.
Pamsana patuluka timinga takuda,
ndevu za masiku atatu,
zomwe dzanja langa lazolowera kuzithamangitsa.
Koyamba m'moyo wanga
ndikupempherera chiputu kuti chikule.

Sungeni abwera Lachisanu pa minibasi ya masana.
Adzaponya chikwama, osandipatsa ndi moni,
adzagwada pawaya n'kuyamba:
imodzi, ziwiri...
Zikwana.
Koma pakhosi pa Kadontho patsala kamalo
kukula kwake ngati chikhadabo,
pamene nthenga yakana kubwerera.
Adzapaona, amene uja saphonya.
Adzafunsa kuti ndinali kuti,
ndipo ndidzayankha zoona:
ndinali pompano, mwanangu,
ndikuyang'ana mitu ya anthu ena.