Madzi Sadziwa "Udzakuliramo"

Mayi anga ankagula nsapato ndi diso la chaka chamawa.
Pa kaunjika wa pa Boma, chapafupi ndi mlatho,
ankapima ndi kamtengo kothyola kunyumba
n'kuwonjezerapo zala ziwiri.
"Udzakuliramo."
Ndinaphunzira ndi zinyuzi kutsogolo kwa zala,
khwekhwerere, khwekhwerere, mpaka sitandade seveni.

N'chifukwa chake Lachiwiri lija ku Chembe,
m'kashedi konunkha mphira ndi petulo,
Asiyatu atati, "Sankha zipsepse zako,"
dzanja langa linathamangira zazitali,
zakuda, zonyezimira, zofika m'chiuno ukaziimika,
zooneka ngati za munthu wolandira pamwezi.

Sanandiletse. Anali kupemerera tiyi.
Anangoti, "Vala, tiye."

Mapazi atatu okha pamchenga, khu! chafufumimba,
silinda yampweya itandikhalira pamsana.
Ana ochapa mbale anaseka mpaka kutaya sopo.
"Wovala zipsepse amayenda chambuyo," anatero,
mochedwa dala.

Pansi, pa mamita asanu,
chakumanja chinavuka mwakachetechete,
n'kutsika chokha ngati tsamba la nthochi.
Ndinatsala ndi mwendo umodzi,
kuzungulira pamodzimodzi ngati mbuzi ya pachingwe,
mbuna zikundidutsa osapatuka n'komwe.

Lachitatu ndinati ndachenjera:
ndinatenga zothina, zolimba ngati thabwa.
Zinaluma chala chachikulu,
chija ndinathyola pa mpira wachikulunga kwa Mponda.
Mphindi khumi, katumba anamanga mfundo,
ndinakuwira m'chipaipi,
mawu onse n'kusanduka thovu.

M'boti anagwira phazi langa
monga wogula nsomba agwirira kampango,
kulitembenuza, kulidina.
"Lakumanzere ndi lalikulu. Unkadziwa?"
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndili nawo mapaziwa,
zisanu ndi ziwiri akupalasa kabaza
kuchokera pa depoti mpaka ku chipatala,
matumba a usipa, amayi apakati, ngakhale bokosi lamaliro,
koma ayi, sindinkadziwa.

"Chala chimodzi kumbuyo kwa chitendene," anatero,
"chimodzi, osati ziwiri.
Zala zakuphazi zizitha kugwedera ngati zikuwerenga ndalama.
Kulimba kwa chipsepse ufunse ntchafu zako,
usafunse maso.
Madzi sadikira kuti ukule."

Anapisa pansi pa beseni losweka
n'kutulutsa ziwiri zazifupi, zachikasu chofwifwa,
lamba wa chimodzi wosokedwa ndi chubu cha njinga,
dzina la mwini wakale litafufutika theka:
UMANI.
Sumani? Usumani? Palibe akukumbuka.
Ndinavala monyinyirika.
Phazi linalowa ngati likubwerera kwawo.

"China: usiye kupalasa.
Kuno kulibe pasenjala.
Ukapinda mawondo uvundula matope,
anzako akumbuyo aona mdima.
Mwendo uyambire m'chiuno, pang'onopang'ono,
ngati ulibe ngongole."

Zinanditengera milungu itatu kuiwala njinga.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimatsikira pansi pa makola a chambo,
singano ya ukonde m'dzanja,
kufunafuna pomwe katumbu wang'amba usiku.
Pamwamba panga nsomba zikwi zimazungulira ngati mtambo.
Zipsepse sindizimva n'komwe,
ndipo ndiko kudziwa kwake kuti ndi zanga:
nsapato yabwino siyankhula.

Loweruka ndinapita ndi Dunia pa kaunjika yemwe uja.
Akuyamba sitandade wani.
Ndinagwada, n'kulowetsa chala kumbuyo kwa chitendene chake.
Chimodzi. Ndendende.
Mwana anadumpha kawiri, nsapato osavuka.
Wogulitsa anati, "Bwana, tengani yokulirapo,
ana awa ndi chimanga cha m'dambo."
Ndinayang'ana phazi, ndinayang'ana m'thumba,
ndinawerenga miyezi yotsala kuti chaka chithe.

Tinatenga yokulirapo.
Pobwerera pamlatho ankayenda patsogolo panga,
khwekhwerere, khwekhwerere,
Shire akudutsa pansi pathu osanena kanthu,
ine ndikufunafuna pogula nyuzi.