Kope la Mayina

Mu Januwale tinalemba mayina makumi awiri ndi anayi
kuseri kwa holo ya ku Ndirande.
Ena anafunsa za alawansi asanakhale n'komwe pansi.
Ndinati kulibe,
koma malaya a bungwe ndi sopo wosambitsira okalamba.

Lero ndi Juni, chiperoni chameza phiri la Soche,
m'kope mwanga mwatsala mayina asanu ndi awiri.

Sekanawo anapeza ntchito m'sitolo ku Limbe;
sindimudandaula, lendi sadziwa chifundo.
Wyson anakwera basi ya ku Joni.
Elube anangosiya kuyankha foni
tsiku lomwe anasambitsa a Nasimango
n'kupeza bala la kumsana
lomwe palibe anamuchenjeza.

Koma Jafali wa kabaza,
yemwe ndinkati satha ndi sabata yomwe,
Lachiwiri lililonse amakweza a Mpinganjira
kukatenga mankhwala a shuga ku Kwinzi,
mkuluyo akumukalipira njira yonse:
mabampu, liwiro, chipewa chonunkha thukuta.
Ndinamufunsa chimene amabwererabe.
Anaseka, nati,
"Bambo anga anapita asanayambe kundikalipira."

Usiku uno ndikulemba chikalata china
chokamata kutchalitchi ndi kumzikiti.
Ndafufuta mawu oti mwayi.
Ndafufutanso madalitso.
Ndalemba kuti kuli zitunda, kuli fungo,
kuli kudikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka,
ndipo kuli munthu wina kuseri kwa chitseko
amene adzaloweza kagogodedwe kako.

Loweruka ndidzayala mipando khumi.
Itatu ikadzakhalidwa,
ndidzatsegula tsamba latsopano.