Kope la Zigoli

Ine ndine wa kope.
Bondo linandikana kalekale pa bwalo la ku Mchini,
choncho Loweruka lililonse ndimakhala pa njerwa ziwiri
kuseri kwa golo la kumadzulo,
bolopeni kukamwa, kope lakale la mwana wanga pantchafu,
kulemba amene wamwetsa, mphindi yake, ndi phazi lake.

Chaka chino tsamba la Yotamu lili ndi mizere khumi ndi umodzi.
La Laisoni, khumi ndi inayi,
osawerengera chija oimbira anakana
poti mbuzi ya a Tikambenji inali italowa m'bwalo.

Koma pitani pa shedi yometera ku Kapata
mukamve masamu a kumeneko.
Makina akulira m'khutu, wometa akuti:
"Laisoni ngwa kutsidya, wa ku Mchinji uyo.
Zigoli zake zili ngati ndalama ya kwawo,
uzisinthe kaye pa Mwami, uone zitsala zingati."
Anyamata a njinga aseka mpaka kugwirana mapewa.
Wina akuti a kumeneko amangothamanga, wathu amasewera ndi mutu.
Wina akuti mwana wa pakhomo sayerekezedwa ndi mlendo
ngakhale mlendoyo abwere ndi kalumo kakuthwa.

Ndatsegula kope, ndafufuza.
Muli danga la tsiku, la mphepo, la mvula,
la mbendera mulibe.
Goloboyi wa ku Chadiza atagwa chafufumimba m'fumbi
sanafunse kuti mpira wamudutsa pakati pa miyendowo
unali ndi chidindo cha dziko liti.
Ukonde wathu wong'ambika umagwedezeka chimodzimodzi.

Ndipo chilipo chimene ndimasunga pansi pa lilime.
Amake Laisoni, mimba itawawa usiku,
anawakweza panjinga kudutsa m'minda ya fodya
nakachirira ku chipatala cha Mwami, mbali ino.
Amake Yotamu anali kumaliro a malume awo kutsidya,
nthawi inawakwanira pakati pa nyimbo,
mwana nalirira m'khitchini ya eni, mbali iyo.
Wathuyu mpweya woyamba anaukoka kwa eni.
Mlendoyu anayamba ndi fumbi lathu lomweli.

Mwezi watha kunabwera bambo wa jekete wochokera ku Lusaka.
Anaima mphindi makumi anayi, manja m'thumba.
Laisoni anamwetsa ziwiri, china ndi mutu, china ndi chidendene.
Bamboyo sanapemphe kope langa.
Anapempha reji.
Yotamu anasolola yake yobiriwira m'sokosi.
Laisoni anangoyang'ana nsapato zake,
zija amasoka yekha ndi ulusi wa thumba la feteleza.

Sindikunena kuti Yotamu sadziwa mpira, ayi.
Ndinamuona akupinda anthu atatu ngati chitenje,
ndipo zisanu mwa zigoli za Laisoni
zinaphikidwa ndi phazi lake lamanzere.
Tsiku lokwera basi ya m'bandakucha,
amene anamusenzera chikwama mpaka pa siteshoni
anali Laisoni yemweyo,
namupatsa mtedza wokazinga m'pepala,
nabwerera wapansi, osacheuka.

Lero ndi Loweruka. Kanjala wafunda mitambo.
Wometa watseka shedi, wabwera, waima kumbuyo kwanga,
tsitsi la anthu likadali pamalaya.
Mphindi yachisanu ndi chiwiri, Laisoni waulandira pachifuwa,
watembenuka, waumenya,
ndipo wometa uja wadumpha, wandiponda chala,
akukuwa, "Mwana wathu! Mwana wathu ameneyo!"

Ine ndahemera mpweya bolopeni yokanika,
ndakoka mzere wakhumi ndi chisanu.
Chala chikuwawa.
Lolemba ndikameta, ngakhale tsitsi silinakule,
ndikangomve kuti chigoli cha lerochi
achisintha pa mtengo wanji.