Chimbale Chodzutsira

Matalala akumenya malata ku El Alto,
makondakitala akukuwa mayina a misewu pansi pa zenera,
ndipo Mayi Basilia Limachi alowa osaodira,
kompyuta ili kumsana, m'nsalu yamizeremizere,
ngati mwana amene wakana kuyenda.

Aitsitsira patebulo. Akuti dzulo inali bwinobwino.
Onse amatero.

Ine ndine wophunzira pano, mwezi wachisanu uno,
ntchito yanga ndi kulumikiza zingwe ndi kusunga pakamwa.
Ndadina batani. Chokupizira chatsokomola fumbi la ubweya.
Sikirini ili bii,
kamzere koyera kokha kakuphethira pakona,
kudikira mawu amene sakubwera.

"Yafa?"
A Anselmo Tarqui amaliza kaye kutafuna.
"Sinafe. Yangoiwala poyambira."

Akoka dirowa ya m'munsi, ya zomangira zopanda mwini,
atulutsa chimbale chokalikakalika
chimene inki yake inafufutika kalekale,
achiuzira mpweya, achipukuta pa juzi yawo yobiriwira.

"Nélida, zimitsa. Yatsanso. Dina F12 osalekeza,
ngati ukugogoda kwa munthu amene ukudziwa kuti alimo."
Ndachedwa. Tayambiranso.
Kachiwiri khomo latseguka: kamndandanda kakafupi,
makina akufunsa kuti ayambire pati,
pa disiki yawo yomwe, kapena pa mlendoyu?
Tasankha mlendo.

Chimbale chikulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.
Zilembo zoyera zikutsika mothamangitsana,
sungagwirepo ngakhale liwu limodzi.
Kenako kuwala. Koma nkhope si yake.
Yadzuka ndi mutu wobwereka,
ikusuzumira m'mimba mwake momwe
ngati m'nyumba ya eni.

"Usakhome denga katundu ali m'kati."
Lamulo lawo loyamba limenelo,
ndiye tikusamutsira mafayilo ku disiki ina.
Mphindi makumi anayi, kabokosi kobiriwira kakukwawa.
Mayi Basilia atulutsa zoluka. Singano sizikupuma.
Zithunzi alibe nazo ntchito, akutero,
nyimbo za mdzukulu kaya zipite.
Iwo akufuna buku la ngongole:
zaka zisanu ndi chimodzi za majuzi, zipewa ndi masokosi
zimene anthu anatenga ponena kuti mawa.

Bala lenileni ndi laling'ono mochititsa manyazi.
Kachigawo koyambirira ka disiki,
kosakwana ndi kalata ya tsamba limodzi,
kamene kamauza zina zonse kuti kwacha,
kanasokonekera usiku umene magetsi anathima.
A Anselmo alemba mizere itatu ndi zala ziwiri,
abwereza umodzi chifukwa anadumpha kadontho,
atulutsa chimbale.
"Tsopano iime ndi miyendo yake."

Tonse zii. Ndi singano zomwe.
Mdima. Kamzere kaja. Mdima.
Kenako kanyimbo kotsegulira,
kamene ndimadana nako masiku ena onse.

Mayi Basilia asendeza mpando, avala magalasi,
chala chikutsika ndi mayina,
Apaza, Callisaya, Laruta, Poma,
mpaka chaima.
"Tarqui, Anselmo. Juzi yobiriwira ya khosi lalitali.
Maboliviano zana limodzi ndi makumi awiri.
Julaye, zaka zitatu zapitazo."

Mtengo wokonzera kompyuta, wolembedwa pakhoma
ndi dzanja la a Anselmo omwe,
ndi zana limodzi.

Ayang'ana juzi. Ayang'ana kudenga.
Apisa m'thumba, ayala ndalama zachitsulo patebulo
imodziimodzi, mpaka makumi awiri akwana.
Ine ndagwada kunsi kwa tebulo
kufunafuna chingwe chimene sichinatayike,
mapewa akundigwedezeka.

Matalala aleka. Mayi aja abereka katundu wawo,
amanga mfundo pachifuwa, atsika masitepe osacheuka.

A Anselmo abwezera chimbale m'dirowa,
pakati pa zomangira zija,
akung'ung'udza okha, osati kwa ine:
"Vuto lake chimenechi sichisankha.
Chimadzutsa zonse."