Ndimu wa pa Lendi

Ine ndinkafuna mkuyu.
Ndinapita kwa a Zelipa, m'mbali mwa msewu wa ku Chelstone,
kumene mbande zimaima m'timapepala takuda
ngati ana a sukulu odikira belu.
Ndinati, ndipatseni uwo wa masamba onenepa.

Anayang'ana nsapato zanga zobooka ndi mbaliwali,
anadziwa kuti ndine wowotcherera mageti.
"Mukhala kuti?"
Kalingalinga.
"Pulothi ndi yanu?"
Ya a Sikazwe, ine ndi wa lendi chabe.
"Chimbudzi chili mapazi angati kuchoka pomwe mukumbe?
Nanga waya wa magetsi wadutsa pati?"
Ndinakanda m'mutu.

"Mkuyu ndi mlendo wosamva kuti kwada,
ulowa pansi pa khoma, ununkhiza paipi,
zaka zisanu, katundu wanu ali panja.
Bulugamu amwa ngati munthu wa pakutha pa mwezi.
Jakaranda musiyireni a ku Kabulonga,
ali ndi bwalo, ali ndi wosesa.
Tengani ndimu uyu womezanitsa."
Anamutembenuza, nandionetsa kunsi:
timizu toyera, tosapiringizana.
"Wamtali uyo musamukhumbire,
wakalambira m'thumba,
mizu yake yadzimanga yokha pakhosi."

M'minibasi ndinamufungata pamiyendo.
Kondakitala anati naye alipire,
minga yake yakhala pampando.

Nthaka ya Lusaka ndi chikopa chopyapyala,
pansi pake mwala wokhawokha.
Piki inalira masiku awiri,
inalavula moto woposa wa kuntchito kwanga.
Ndinafukula mabotolo, batire lakufa, theka la patapata,
mpaka dzenje linandimeza kufika m'mawondo.
Dothi lakuda pambali, lofiira pambali,
zitosi zowolerana za nkhuku za Amake Chileshe
ndinasinthana ndi kukonza loko wa khola.
Ndinang'amba pepala pang'onopang'ono
ngati namwino womasula bandeji,
ndipo khosi la mtengo sindinalikwirire,
paja a Zelipa anati wotsamwa sakula.

Makoko a chimanga, otola kwa amayi ootcha pa siteshoni,
ndinayala kuti dzuwa lisanyambite chinyezi.
Zidutswa za zitsulo zotsala pa mageti a eni ndalama
ndinalumikiza kukhala kampanda,
chifukwa mpira wa anyamata a muno ulibe maso.

Okutobala anabwera ndi ukali wake.
Pa kiyosiki mzere wa zigubu unafika kwa ometa,
madzi ogula, madzi owerenga.
Mwana wanga Nthanda anaphunzira yekha
kusunga otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba.
A sopo ayi.
Madzulo aliwonse kabeseni kamodzi,
kuthira chozungulira, osati patsinde.
Nsabwe zitadzaza kunsi kwa masamba
tinazisisita ndi zala, ine uku iye uko,
nyerere zikutitukwana.

Chaka choyamba anachita maluwa asanu ndi anayi.
Nthanda anavina.
Ine ndinawathothola onse,
mwanayo sanandilankhule mpaka Lachitatu.
Ndikanamuuza bwanji kuti ndi mawu a Zelipa:
mwana asabereke mwana, ayambe walimba msana.

Tsopano ndi chaka chachitatu.
Mthunzi wake ukwana mpando umodzi ndi galu.
Mandimu khumi ndi awiri, ndawerenga kawiri,
ndipo fumbi la msewu limayamba lapuma pa iye
lisanalowe pawindo.

Dzulo a Sikazwe abwera ndi kalata.
Mphwawo akwatira, afuna nyumba pofika Juni.
Anaima pansi pa nthambi, nathyola limodzi, nanunkhiza:
"Koma inu, kubzala pa malo a eni?"
Sindinayankhe.
Bedi linyamulika, mbaula inyamulika,
tapeza kale chipinda ku Mtendere,
bwalo lake simenti yokhayokha.

Usiku magetsi atabwera
ndinakoka waya, ndinayatsa makina,
pa chitsulo cha kampanda ndinalemba ndi moto,
zilembo zokhota, koma mvula sidzafufuta:
THIRIRANI MADZULO. A SOPO AYI.